Ntchito inandithera ndili ndi zaka 54, ndipo ndinakhulupirira kuti vuto linali ukalamba

Ndikulembera anzanga amene adutsa zaka 50 adakali pa ntchito, ndi ena amene msinkhu umenewu ukuwayandikira. Palibe tsiku limene munthu anandiimika n'kundiuza kuti ndakalamba, ndichoke. Akanatero, bwenzi nditadziwa kuti ndalakwiridwa n'kukafuna thandizo msanga. Zanga zinabwera pang'onopang'ono, mwaulemu, anthu akumwetulira, ndipo pofika tsiku limene ndinkasaina kalata yosiya ntchito, ineyo ndinali nditagwirizana nawo kale kuti mutu wanga watha.

Ndinali wowerengera ndalama pa kampani ina kwa zaka zoposa 20. Ndinkalemba ndalama zolowa ndi zotuluka, kukonza malipiro a antchito, kuyerekeza mabuku athu ndi sitetimenti ya ku banki, ndi kukonzekera kubwera kwa maodita, anthu akunja ofufuza mabuku a ndalama, chaka chikamatha. Ndinayamba nthawi imene tinkalemba pamanja m'mabuku akuluakulu aja. Kompyuta itabwera ndinaiphunzira, Excel ndinaiphunzira, ndipo kampani ikasintha pulogalamu yowerengera ndalama ndinkakhala mmodzi wa ophunzitsa ena. Ndikutchula izi chifukwa pambuyo pake ndinauzidwa kuti anthu a msinkhu wanga timaopa zinthu zatsopano, pomwe zaka zanga zonse za pa ntchito zinathera pophunzira zatsopano.

Zinthu zinayamba kusintha atabwera bwana watsopano wa dipatimenti yathu, bambo wa zaka za m'ma 30, waulemu ndiponso wodziwa ntchito yake. Anabweretsa pulogalamu yatsopano yogwira ntchito pa intaneti. Mndandanda wa opita ku maphunziro utatuluka, dzina langa panalibe. Nditafunsa anandiyankha mokoma: "Amayi, musavutike nazo izi. Anyamatawa akaphunzira azidzakuthandizani." Ndinathokoza, ndipo mumtima ndinaona ngati wandilemekeza. Patangopita miyezi yochepa, ntchito yonse inali mu pulogalamu imene ine sindinaphunzitsidwe, ndipo ndinkadikira mnyamata amene ndinamulandira ndekha pa ntchito kuti anditsegulire malipoti.

Akakusiyani pa maphunziro, pemphani polemba, pa imelo kapena pa kalata, kuti nanunso mukufuna kuphunzira, ndipo sungani pempho lanulo ndi yankho lake pamalo amene mudzazipezebe ngakhale mutachoka. Sipafunika kukalipa kapena kuopseza munthu. Mawu ochepa aulemu, okhala ndi deti, ndi okwanira. Kusiyidwa pa maphunziro ndi kumene kumadzasanduka umboni woti simukukwanitsa ntchito, ndipo nthawi imeneyo palibe amene amakumbukira kuti anakusiyani dala.

Kenako panabwera dzina. Mtsikana wina anayamba kunditchula mwanthabwala kuti "agogo a ku akaunti", ndipo dzinalo linafala ofesi yonse. Ndinkaseka nawo. Zidzukulu zanga zikanditchula kuti agogo ndimasangalala, koma mu ofesi dzinali linkagwira ntchito ina. Pa misonkhano ndikapereka maganizo ankati, "Zikomo agogo, mwatikumbutsa zakale," n'kupitiriza ngati sindinanene kanthu. Wachinyamata akalakwitsa nambala ankati akuphunzira. Ine ndikalakwitsa nambala yomweyo ankayang'anana, wina n'kunong'ona kuti "zaka". Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo moto ukabukadi, monga maodita akapeza ndalama za zaka zam'mbuyo zimene sizikugwirizana, onse ankabwera pa desiki panga. Ukazima, ndinkabwereranso pa ugogo wanga.

Nthawi yomweyo thupi linayamba kundivuta. Ndinkadzuka wotopa ngakhale nditagona usiku wonse. Ndinkamva kuzizira ena akutuluka thukuta, ndinanenepa ndisanasinthe kadyedwe, tsitsi linkathothoka, khungu linauma, ndipo choopsa kwambiri kwa munthu wa manambala, ndinayamba kuiwala. Ndinkatsegula faelo n'kuima kaye kuganiza chimene ndimafunamo. Ndinapita kuchipatala. Adokotala anandimvetsera kanthawi kochepa, anayang'ana chaka chobadwa pa khadi langa, n'kunena kuti, "Mayi, pa msinkhu wanuwu zimenezi zimachitika. Mwasiya kusamba, thupi likusintha. Muzipuma mokwanira." Anandipatsa mavitamini. Magazi sanandiyeze, ndipo ine sindinapemphe, chifukwa zimene ananenazo zinkafanana ndi zimene ndinkamva ku ofesi tsiku ndi tsiku. Anthu awiri osadziwana, bwana ndi dokotala, anali atandiuza chinthu chimodzi. Ndinati ndiye kuti n'zoona.

Chaka chotsatira kampani inalengeza kuti ichepetsa antchito. Anatiitana mmodzimmodzi ku ofesi yoona za antchito. Ine anandipatsa kalata yopuma "mwa kufuna kwanga" pamodzi ndi ndalama zotsanzikira, n'kundiuza kuti ndisaine sabata isanathe, apo ayi mwayiwo upita ndipo ndidzachotsedwa ndi ndalama zochepa. Ndinali wotopa, ndinali ndi manyazi, ndipo sindinkafuna kuti munthu aone misozi yanga mu ofesimo. Ndinasaina pomwepo. Mu kalatamo munali ndime yonena kuti sindidzakadandaula kulikonse pa za kuchoka kwanga, koma ndimeyo ndinaiwerenga mofatsa nditafika kale kunyumba. Ochotsedwafe titayamba kuimbirana mafoni ndi pamene tinazindikira kuti pafupifupi tonse tinali opitirira zaka 50.

Musasaine kalata yotere tsiku limene mwaipatsidwa. Pemphani nthawi, pitani nayo kwa loya, ku bungwe la anthu apantchito ngati ndinu membala, kapena ku ofesi ya boma yoona za ntchito. Funsani polemba njira imene atsata posankha ochotsedwa. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho fufuzani a kwanuko. Ku America, lamulo la 1967 limaletsa kusala wantchito wa zaka 40 kapena kuposa chifukwa cha msinkhu wake. Lamulo lina la 1990 limati wantchito wotero apatsidwe masiku 21 oganizira asanasaine kuti sadzasuma, kapena masiku 45 ngati akuchotsedwa pagulu, komanso masiku 7 oti angathe kusintha maganizo atasaina kale. Ku Britain, lamulo la Equality Act la 2010 limatchula msinkhu pakati pa zinthu zimene munthu sayenera kusalidwa nazo. Opanga lamulo la 1990 lija anaona kuti munthu amene wangouzidwa kuti ntchito yatha saganiza bwino tsiku limenelo, ndipo zimenezi n'zoona kulikonse, kaya lamulo la dziko lanu likunena kaya ayi. Dziwaninso kuti nthawi yololedwa kukadandaula imakhala yaifupi. Ine nditapita kwa loya mochedwa, anandifunsa zinthu ziwiri: ngati ndili ndi cholembedwa chosonyeza kuti ndinapempha maphunziro n'kukanidwa, ndi deti limene ndinasaina. Cholembedwa ndinalibe, ndipo detilo linali litatalika kale.

Ndinayamba kufuna ntchito ina ndikukhulupirira kuti luso la zaka zonsezi lindipezetsa malo msanga. Makalata ambiri sankayankhidwa n'komwe. Zotsatsa ntchito zina zinkanena poyera kuti akufuna munthu wosapitirira zaka 35, zina zinkabisa ponena kuti akufuna "wachinyamata wochangamuka". Kumene anandiitana, mafunso ankangofanana. "Mwatsala ndi zaka zingati kuti mupume?" "Mungalole kulamulidwa ndi munthu wamng'ono kwa inu?" Ena ankati luso langa laposa ntchitoyo, ndidzatopa nayo msanga. Ndinkatuluka ndikudzifunsa kuti ndayankha pati molakwa, ndipo usiku ndinkabwereza mayankhowo m'mutu.

Patapita nthawi, mwana wanga anandiwerengera za kafukufuku wa David Neumark ndi anzake ku America. Iwo anatumiza makalata opeka ofunsira ntchito oposa 40,000 m'mizinda 12, makalata amene ankasiyana makamaka pa msinkhu wa wofunsayo. Achikulire ankaitanidwa mochepa kuposa achinyamata, ndipo kusiyanaku kunkaonekera kwambiri kwa amayi. Ndikanadziwa izi poyambirira, sindikanatenga kukhala chete kwa makampani ngati chigamulo pa nzeru zanga.

Ndalama zotsanzikira zija zinkaoneka zambiri pa tsiku losaina. Zinathera pa nyumba, pa zofunika za tsiku ndi tsiku, ndi pa fizi ya mwana womaliza wa ku koleji, chaka chisanathe. Ndinagulitsa galimoto. Inshuwalansi ya kuchipatala inatha limodzi ndi ntchito, pa nthawi imene thupi langa linkaifuna kwambiri. Koma chotayika chachikulu chinali penshoni. Zaka zomaliza za ntchito ndi zimene munthu amalandira malipiro okwera ndipo amasonkha zambiri ku penshoni yake. Kuchoka pa zaka 54 kumadula zaka zimenezo, ndipo ndalama zotsanzikira sizikwanira kubweza. Musanavomere, khalani pansi ndi cholembera: werengerani malipiro a zaka zimene zatsala kuti mupume, zosonkha zanu ndi za kampani ku penshoni, ndi mtengo wodzilipirira nokha kuchipatala, kenako muyerekeze ndi zimene akukupatsanizo.

Choipa kuposa zonse chinachitika m'mutu mwanga. Ndinasiya kutumiza makalata. Ndinasiya kuyankha mafoni a anzanga amene anali adakali pa ntchito, chifukwa sindinkafuna kumva funso loti "nanga mukutani masiku ano?" Foni ikandivuta ndinkangoipereka kwa mwana n'kunena kuti "ife zathu zinatha", ndisanayese n'komwe. Ndinkagona masana. Mawu amene ankanenedwa mu ofesi muja tsopano ndinkawanena ndekha, ndipo panalibenso wowatsutsa.

Amene anakana ndi mwana wanga wamkazi woyamba. Tsiku lina anandiuza kuti, "Amayi, agogo anafika zaka 80 akukumbukira chilichonse. Inu simunafike n'komwe 60. Tiyeni tikaonane ndi dokotala wina." Ndinazengereza kwa nthawi ndithu poopa kutaya ndalama zimene zinali zitachepa kale. Titapita, iye anali atalemba pa pepala zizindikiro zonse ndi nthawi imene chilichonse chinayamba. Dokotala uyu anawerenga pepalalo, anandifunsa mafunso, anandigwira pakhosi, n'kulemba kuti andiyeze magazi: shuga, kuchuluka kwa magazi, ndi TSH, imene imasonyeza mmene chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kotulutsa mahomoni, chikugwirira ntchito. Zotsatira zinasonyeza kuti chithokomiro changa chinkatulutsa mahomoni ochepa. Matendawa ndi ofala kwa amayi a msinkhu wanga, ndipo zizindikiro zake, kutopa, kuzizidwa, kunenepa, kuiwala ndi kukhumudwa, n'zomwezo zimene anthu amangozitcha ukalamba. Anandilembera levothyroxine, kapiritsi kamodzi m'mawa uliwonse ndisanadye kanthu, n'kundiuza kuti ndidzabwere pakatha milungu 6 mpaka 8 kudzayezanso kuti aone ngati mlingo wake uli bwino. Sindinachire msanga. Mlingo anausintha, ndipo panapita miyezi kuti kutopa kuchepe ndi mutu uyambe kuyera.

Pobwerera kunyumba tsiku la zotsatiralo ndinalira. Ndinasangalala kuti vuto langa lili ndi dzina ndi mankhwala, komanso ndinapsa mtima kwambiri, chifukwa kuyeza kumeneku kukanatheka pa ulendo woyamba uja, ndidakali pa ntchito ndipo inshuwalansi ikadalipo.

Wina anganene kuti ndiye bwana uja sanalakwe, poti ndinkadwaladi. Ndaganizapo kwambiri pa zimenezi. Pa maphunziro anandisiya ndisanayambe kudwala. Ndiponso wantchito wa zaka 30 akayamba kutopa ndi kuiwala, anthu amamufunsa kuti, "Kodi uli bwino? Wapita kuchipatala?" Ine palibe anandifunsa, chifukwa aliyense anali ndi yankho kale. Apa ndi pamene pagona kuipa kwa tsankho limeneli: msinkhu umafotokoza chilichonse, moti palibenso amene amafufuza chifukwa chenicheni.

Sindikunena kuti aliyense wotopa ali ndi vuto la chithokomiro, ndipo thupi limasinthadi tikamakula. Koma "ndi ukalamba" si dzina la matenda. Dokotala akakuuzani choncho, mufunseni mwaulemu kuti, "Adokotala, ndikanakhala wa zaka 30 ndi zizindikiro zomwezi, mukanandiyeza chiyani?" Pitani ndi pepala la zizindikiro zanu, ndipo ngati simunakhutire, kaonaneni ndi wina. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti lonena za tsankho la msinkhu mu 2021. Lipotilo limati munthu mmodzi pa awiri alionse padziko lapansi ali ndi maganizo osala achikulire, ndiponso kuti pa kafukufuku 149 amene anaunikidwa, 85 peresenti anasonyeza kuti msinkhu wa wodwala ndi umene unkagamula ngati apatsidwe chithandizo china kapena ayi. Nkhaniyi si yatsopano. Dokotala wa ku America, Robert Butler, anayamba kulemba za tsankho limeneli mu 1969, n'kuliika pamzere umodzi ndi tsankho la mtundu. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi kafukufuku wa Becca Levy wa ku yunivesite ya Yale, wa mu 2002, amene anapeza kuti anthu oona ukalamba wawo mwabwino anakhala ndi moyo zaka 7.5 kuposa amene ankauona moipa. Nditamva zimenezi ndinasiya kunena kuti zathu zinatha, ndipo ndinapempha ana anga kuti akandimva ndikunena azindidzudzula.

Mphamvu zitayamba kubwerera, amene anandithandiza ndi munthu amene sindinkamuyembekezera, mnyamata uja amene ankanditsegulira malipoti. Anandiimbira foni kudzandilonjera, ndipo ndinalimba mtima kumupempha kuti andiphunzitse pulogalamu ija. Ankabwera madzulo akaweruka. Inanditengera milungu yochepa chabe, ndipo inali yosavuta poyerekeza ndi ina imene ndinaphunzira kale. Kuchotsera ndi kuphatikiza n'komweko, mabuku ayenera kugwirizanabe, kungoti mabatani ali pena. Tsiku lina tikuphunzira anandiuza kuti, "Amayi, nanenso andidumpha pa kukwezedwa. Akuti ndine mwana wa dzulo, ndidikire." Ankagwira ntchito yake ndi yanga yomwe pa malipiro amodzi, ndipo maganizo ake pa msonkhano ankamveka pokhapokha wamkulu wina akawabwereza. Nthawi yonseyi ndinkaona achinyamata a mu ofesi ija ngati amene anandilanda malo, osadziwa kuti nawonso akuyezedwa ndi chaka chobadwa. Lipoti la WHO lija limati ku Ulaya munthu mmodzi pa atatu amanena kuti anasalidwapo chifukwa cha msinkhu, ndipo achinyamata ndi amene amadandaula kwambiri kuposa misinkhu ina. Limatchulanso njira zitatu zimene zimathandiza: malamulo, maphunziro, ndi kukhalira limodzi kwa achinyamata ndi achikulire. Njira yachitatuyi ndaiona ndi maso anga. Iye ankandiphunzitsa pulogalamu, ine ndinkamuphunzitsa zimene maodita amayang'ana, ndiponso ndinamuuza kuti apemphe polemba chifukwa chimene anamudumphira.

Ndinalembanso CV yanga. Ndinachotsa deti lobadwa, chithunzi, ndi zaka zimene ndinamaliza sukulu. Ndinasiyamo ntchito za zaka 15 zomaliza zokha, ndipo pamwamba ndinaika mayina a mapulogalamu amene ndimadziwa, kuphatikizapo yatsopano ija. Oitana anachulukirapo, koma ndisakunamizeni: ukalowa m'chipinda chofunsira ntchito, imvi zimaoneka. Funso loti ndatsala ndi zaka zingati linkabwerabe. Ndinaphunzira kuyankha mosapepesa kuti ndikufuna kugwira ntchito zaka zambiri ndithu, kuti pa kampani yapitayi ndinakhala zaka zoposa 20 osachoka, n'kubweza nkhani ku zimene ndingawachitire m'miyezi itatu yoyamba. Ngakhale zinali choncho, ntchito yolembedwa sindinaipeze.

Imene ndinapeza inadzera kwa anthu amene ankadziwa kale ntchito ya manja anga. Odita wina amene tinkagwira naye ntchito anandilozera kwa mwini bizinesi yaing'ono amene mabuku ake anali osokonekera. Ameneyo anauza mnzake, mnzakeyo anauza wina. Ndikanayamba kuimbira anthu otere mwezi woyamba nditachoka, m'malo mobisala ndi manyazi, bwenzi galimoto nditaisunga. Ngati mudakali pa ntchito, sungani manambala a anthu akunja amene amaona ntchito yanu, monga maodita, ogulitsa katundu ku kampani yanu ndi makasitomala, chifukwa amenewa amakuyezani ndi zimene mwachita.

Panopa ndimasunga mabuku a mabizinesi ang'onoang'ono angapo, ndikugwirira kunyumba. Ndimapeza zochepa kuposa malipiro anga akale, ndipo mwezi wina umakhala wabwino, wina ayi. Tsankho lija silinathe. Posachedwapa kasitomala watsopano anabwera mwana wanga ali pomwepo, n'kuyamba kufotokozera iyeyo za misonkho ya bizinesi yake, ine ndili chikhalire ndi faelo m'manja. Ndinamuuza kuti, "Bambo, wowerengera ndalama ndine, lankhulani ndi ine." Anapepesa ndipo tinapitiriza, ndipo mpaka lero ndi kasitomala wanga. Mankhwala ndimamwa tsiku lililonse ndipo magazi ndimayezetsa monga anandiuzira adokotala, pa ndalama zanga. Penshoni yanga idzakhala yochepa moyo wanga wonse chifukwa cha zaka zimene zinadulidwa, choncho ndakonza zogwira ntchito kupitirira zaka 65, ndipo ngongole imene ndinatenga kuti mwana amalize koleji ndikuibwezabe.